Mtengo umodzi, mayina atatu: kuyenda ndi woperekeza m'munda wa zomera wa ku Harare

Ambiri a ife okhala ku Mbare, Mufakose, Mabvuku kapena Tafara, munda wa National Botanic Garden timaudziwa ngati malo ojambulirako zithunzi za ukwati. Akwati atsika galimoto, aima pa kapinga, wojambula awauza kuti amwetulire, basi ulendo wa ku holo. Ena amapitako Lamlungu masana kukapuma pamthunzi. Palibe cholakwika pamenepo, koma munthu wotere amafanana ndi amene walowa m'laibulale n'kusanja mabuku kuti akhalepo. Mitengo ya m'munda muja sidamere yokha ngati ya kutchire. Yambiri idachita kutengedwa kutali, n'kubzalidwa pamalo pomwe ilipo pa chifukwa chake, ndipo chifukwacho simungachione pokhapokha wina wodziwa akuyendetseni.

Mundawu uli ku Alexandra Park, makilomita pafupifupi 4 kumpoto kwa pakati pa tauni, ndipo kukula kwake ndi mahekitala oposa 50. Malowa adapatulidwa mu 1902 kuti akhale opumulirako anthu, kenaka mu 1962 adasanduka munda wa zomera wa dziko lonse. Umayang'aniridwa ndi nthambi ya kafukufuku ya mu Unduna wa Zaulimi, osati khonsolo ya mzinda ngati Harare Gardens. Kusiyana kumeneku si kwa pa pepala chabe. Paki ya khonsolo ntchito yake n'kukongola. Munda wa zomera ntchito yake n'kusunga, kufufuza ndi kuphunzitsa, kukongolako kumangobwera pambuyo.

Chinthu choyamba chimene woperekeza alendo wodziwa ntchito yake amakutsegulani nacho maso ndi kayalidwe ka munda. Gawo lalikulu lidaperekedwa ku mitengo yachilengedwe ya muno m'Zimbabwe, ndipo muli yambiri mwa mitundu pafupifupi 750 ya mitengo yopezeka m'dziko lino. Sadaibzale motsata zilembo za mayina ake kapena mtundu wa maluwa ake ayi. Adaiika m'magulu molingana ndi kumene imamera: ya kumtunda kuno kumene kuli msasa, ya ku zigwa zotentha monga cha Zambezi, ya m'mbali mwa mitsinje, ndi ya m'nkhalango zowirira za kumapiri a kum'mawa. Ntchito yaikulu yokonza zimenezi idagwiridwa m'nthawi ya Tom Müller, yemwe adayang'anira mundawu kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1960. Zigawo zina zili ndi zomera za mbali zina za Africa komanso za ku South America, India ndi Australia.

Choncho mukamayenda ndi woperekeza, mapazi anu akudutsa dziko lonse m'maola awiri. Mumachoka pa tchire lowala, la udzu pansi, n'kulowa m'kankhalango momwe dzuwa silifika bwino pansi ndipo mphepo yake ndi yozizirira. Apa ndi pamene mwana amamvetsa ndi khungu lake zomwe aphunzitsi adalemba pa bolodi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ili ndi chilimwe chautali ndi chisanu cha June ndi July. Mtengo wa ku Chirinda, kufupi ndi Chipinge, udazolowera nkhungu ndi mvula yambiri, ndiye kuti ukule kuno pafunika kuti ina iutchingire dzuwa ndi mphepo ukadali waung'ono. Nkhalango imamangidwa mosanjikiza: iyambe yopirira dzuwa, yokonda mthunzi ibwere pambuyo. Munthu amene wamva izi kamodzi saonanso nkhalango ngati mulu wa mitengo chabe, ndipo amazindikira chifukwa chake nkhalango yodulidwa sibwerera pongobzala mbande chaka chimodzi.

Tsopano nkhani ya mayina, imene kwa ife olankhula Chichewa ndiye pagona mutu.

Pa kachikwangwani ka mtengo mumapeza mawu awiri a Chilatini. Kalembedwe kameneka kadakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753. Liwu loyamba lili ngati mfunda, loti abale onse amagawana, lachiwiri ndi dzina la mwini wake. Ana amaseka akamva woperekeza akutchula, poti lilime limapindika, koma mayinawa ali ndi nkhani m'kati mwake. Mlambe ndi Adansonia digitata, potengera Michel Adanson, Mfalansa amene adaufotokoza atauona ku Senegal, ndipo liwu lachiwirilo likunena za masamba ake otambasuka ngati zala. Msuku ndi Uapaca kirkiana, pokumbukira John Kirk amene adayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi Shire kuyambira mu 1858. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, ndi Widdringtonia whytei chifukwa cha Alexander Whyte, amene adayambitsa munda wa zomera wa ku Zomba m'ma 1890. Mbawa mudzaipeza m'mabuku ena ngati Khaya anthotheca, ena Khaya nyasica, ndipo m'dzina lachiwirilo nyanja yathu ikumveka.

Inde, pali chowawitsa mtima kuona mtengo umene makolo athu adadya zipatso zake kuyambira kalekale ukutchedwa dzina la mlendo amene adangodutsa. Ine ndimamva choncho nthawi zonse. Komabe dzina la Chilatini lili ndi ntchito imene athu aja sangaigwire. Dzina la kumudzi limasintha mukangooloka mtsinje, ndipo nthawi zina dzina limodzi limaperekedwa ku mitengo iwiri yosiyana. Wofufuza wa ku Zomba, wa ku Maputo ndi wa ku London akafuna kutsimikiza kuti akunena mtengo umodzi, amadalira la Chilatini lija. Nalonso si mwala wosasunthika. Msangu kale unkalembedwa Acacia albida, lero ndi Faidherbia albida. Mitengo ya minga ya mu Africa imene tonse tidaphunzira kuti ndi Acacia idagawidwa m'magulu a Vachellia ndi Senegalia akatswiri atakangana pa misonkhano ya ku Vienna mu 2005 ndi ku Melbourne mu 2011, dzina lakale lija n'kutsalira mitengo ya ku Australia. Ndiye mukaona chikwangwani chikusiyana ndi buku la mwana wanu, funsani, mwina onse awiri ali ndi nthawi yawo.

Woperekeza amakupatsani la Chilatini, n'kuwonjezera la Chishona kapena la Chindebele. Lachitatu, lathu, tiyenera kubwera nalo tokha. Mwana wobadwira ku Dzivarasekwa amadziwa mazhanje, matohwe, matamba, hacha ndi mauyu. Sadziwa kuti agogo ake amati masuku, matowo, mateme, maula ndi malambe. Mubvamaropa, uja umatuluka utomoni wofiira ngati magazi ukatemedwa, ndi mlombwa wathu wopalira zitseko ndi mipando. Mupani ndi tsanya, munondo ndi mchenga, mupfuti ndi mombo, mususu ndi naphini. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 adaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma lamulo silingaphunzitse mwana dzina la mtengo. N'chifukwa chake ndimati gulu lililonse lathu, kaya ndi la mpingo, la chitandizo cha maliro kapena la sukulu, likamapita ku munda uja lisasiye okalamba kunyumba. Ambiri mwa agogo athu adabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mayadi a azungu. Manja awo adathirira maluwa a ku Ulaya kwa zaka makumi, koma mitengo ya kwawo ikadali m'mutu. Muwaimike pansi pa mombo muone. Woperekeza adzanena banja la mtengowo, iwo adzakuuzani mmene ankasendera luzi lomangira denga ndi mmene khungwa lake ankalisandutsira mng'oma wa njuchi. Apo mwana amapata maphunziro awiri pa mtengo umodzi, ndipo woperekeza wanzeru amakhala chete n'kumvetsera nawo.

Msasa wokha ungathe kudya theka la ulendo. Kumapeto kwa August ndi mu September, mvula isanagwe n'dontho lomwe, umaphuka masamba ofiira, ena ofiirira ngati mkuwa, n'kudzabiriwira patapita milungu ingapo. Funso limene ana amafunsa ndi lakuti madzi ukuwatenga kuti nthaka ili gwa. Yankho lili pansi. Mizu yake imazama ndi kutambalala, ndipo mtengo umasunga chakudya cha chaka chatha. Kufiirako ndi utoto umene uli m'masamba anthete asanakhwime, ndipo akatswiri ambiri amati umawateteza ku dzuwa loopsa la nyengo imeneyo. Kukatentha kwambiri mudzamva kuthetheka m'mwamba. Zimenezo ndi zikhokhombe zake zouma zikung'ambika mopotoka n'kuponya njere patali ndi tsinde, kuti mbewu isamere pamthunzi wa make.

Chodabwitsa kwambiri n'chosaoneka. Msasa, mombo ndi mchenga, mitengo imene imapanga nkhalango za miombo kuyambira ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, imakhala pa ubale ndi bowa. Timaulusi ta bowa timakuta nsonga za mizu, n'kumasaka madzi ndi michere m'dothi losauka limene mtengo pawokha sukadapezamo kanthu. Mtengo umabwezera ndi shuga wopangidwa m'masamba. Bowa amene timadya ndi chipatso chabe cha ulusi umenewo. Ndiye ndelema, amene anzathu amati nhedzi, amene amagulitsidwa m'mbale m'mbali mwa msewu wa ku Mutare mvula ikagwa, ndi mwana wa nkhalango ya msasa. Mukadula nkhalango ija kuti muwambire fodya kapena kuotcha makala, n'kubzalapo bulugama, nkhuni mudzapeza koma ndiwo ija yapita. Phunziro limeneli m'kalasi limatenga sabata, pansi pa mtengo limatenga mphindi khumi.

Msuku nawo uli ndi chinsinsi chimene chakhumudwitsa anthu ambiri. Munthu agula masuku pa Mbare Musika mu December, akonda kutsekemera kwake, abzala njere kuseri kwa nyumba, adikira zaka, mtengo wakula koma osabala. Ena amafika poganiza kuti pali dzanja la munthu. Nkhani yake ndi yakuti msuku ulipo wamphongo ndi wamkazi, maluwa ake amakhala pa mitengo yosiyana. Wamphongo subala, ndipo wamkazi wopanda mnzake pafupi subalanso bwino. Njere zake sizichedwa kufa zikauma, zimafuna kubzalidwa zikadali zaziwisi, ndipo mbande imakula bwino ikapeza dothi la pansi pa misuku ina momwe muli bowa wogwirizana nawo uja. Za msangu alimi a ku Malawi amazidziwa kale: umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina yonse yabiriwira, motero chimanga cha pansi pake chimalandira dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi.

Palibe gulu la akuluakulu limene limamaliza ulendo osafunsa za mankhwala. Wina aloza mvunguti ndi zipatso zake zolendewera, wina anong'oneza mnzake, onse aseka. Woperekeza wosamala amanena zomwe anthu amagwiritsira ntchito mtengo, koma sauza munthu kuti kamweni chakutichakuti, ndipo amachita bwino, poti iye si dokotala kapena sing'anga. Chimene amatsindika ndi kuopsa kwa kufanana. Duwa la fuko la Zimbabwe, Gloriosa superba, lokongola ngati malawi a moto, lili ndi poizoni m'thupi lake lonse makamaka mu mzu wake wonga mbatata, ndipo lingaphe munthu. Ndi lotetezedwanso ndi lamulo, simungathyole kutchire n'kumagulitsa. Amafotokozanso chifukwa chake mtengo wosendedwa khungwa mozungulira umafa ngakhale masamba ake aoneke amoyo kwa miyezi: chakudya chochokera m'masamba chimatsikira ku mizu kudzera m'kachikopa kofewa ka pansi pa khungwa, ndiye mukadula njira imeneyo mizu imafa ndi njala. Asing'anga akale ankasenda pang'ono mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo, n'kusiya mbali zinazo. Kaya ankafotokoza motani, mtengo unkapola. M'munda muno kusenda, kukumba ndi kuthyola n'koletsedwa. Tsamba loti mununkhize akupatseni ndi woperekeza.

Tsono mungafunse kuti woperekezayo amadziwa bwanji kuti zomwe akunena n'zoona. Yankho lili m'nyumba ina imene ojambulitsa zithunzi amangoidutsa, ya National Herbarium. Mmenemo muli zomera zouma pafupifupi 500,000. Wofufuza akapita kutchire amadula kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, amakayala pakati pa manyuzipepala, n'kukapanikiza ndi timatabwa mpaka kaume. Kenaka kamamatidwa pa pepala lolimba, pakona n'kulembapo amene adatola, tsiku, malo, mtundu wa dothi, kutalika kwa mtengo, mtundu wa duwa lisanafote, ndipo kawirikawiri dzina limene anthu a kumeneko amautchula. Mdani wamkulu ndi tizilombo todya masamba ouma, choncho zobwera kumene zimayamba zaphedwa tizilombo, masiku ano kawirikawiri poziika m'firiji yozizira kwambiri, zisanalowe m'makabati. Zikasamalidwa chotero zimakhala zaka mazana.

Mapepala ena ndi amtengo wapatali kuposa anzawo, chifukwa ndi amene katswiri adagwiritsa ntchito popereka dzina ku chomera koyamba. Pakabuka mkangano wakuti kodi ichi ndi chomwe chija kapena china, mboni yake ndi pepala limenelo. Padziko lonse nyumbayi imadziwika ndi zilembo SRGH, zotsalira za dzina lake la nthawi ya Southern Rhodesia, ndipo ya ku Zomba ndi MAL. Zonse ziwiri zimakumana pa ntchito imodzi yaikulu yotchedwa Flora Zambesiaca, mabuku ofotokoza zomera zonse za m'Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Botswana ndi kachigawo ka Caprivi ku Namibia. Amatsogolera ndi a ku munda wa zomera wa Kew ku London, ndipo buku loyamba lidatuluka mu 1960. Ndiye kuti m'makabati a ku Alexandra Park mulinso zomera zotoledwa kumudzi kwathu. Zomera sizidziwa chipata cha Nyamapanda kapena cha Mwanza, ndipo ofufuza adazindikira kale kuti dera la Zambezi liyenera kuwerengedwa ngati limodzi.

Ntchito ya nyumbayi imafika mpaka pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mlimi amene ng'ombe zake zikufa zitadya chitsamba chachilendo, wophunzira amene akuyesa mankhwala a zitsamba, ngakhale woteteza malo achinyontho kuti asamangidwepo nyumba, onse amafuna dzina lotsimikizika asanachite china chilichonse. Maphunziro a pagulu amakhudzanso zomera zobwera zimene zidasanduka chipsinjo. Lantana adabwera ngati duwa la m'gadeni, lero wadzaza madambo ndi mabusa ndipo amadwalitsa ziweto. Namasupuni, amene amatseka Shire, ndi yemweyo amene amavutitsa pa nyanja ya Chivero kumene Harare imatunga madzi, ndipo kwawo ndi ku South America. Ngakhale jakaranda amene amakometsa misewu ya mzinda uno mu October ndi mlendo wochokera komweko, ngakhale ambiri amayesa kuti ndi mbadwa.

Mawu pang'ono kwa aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu. Kambiranani ndi a ku ofesi ya munda tsiku lisanafike, muwauze kuchuluka kwanu, misinkhu ya ana ndi mutu umene mukufuna, chifukwa nkhani yoyenera ana a giredi 4 si yoyenera a fomu 6 kapena amayi a mvano. Gulu likakula, a kumbuyo samva kanthu ndipo amayamba kuthamangitsana, bola kuligawa. Musafune kumaliza munda wonse. Mitengo khumi yoimapo mofatsa, kukhudza khungwa, kutola chikhokhombe chogwa chokha, kujambula tsamba m'kope, imaposa mitengo zana yongodutsa, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana aliyense akhale ndi kope la mizere itatu, wa Chilatini, wa Chishona ndi wa Chichewa, ndipo mzere wachitatuwo ukasowa chodzaza akamalizire kunyumba kwa agogo. Ana athu ambiri amaopa kufunsa mlendo chifukwa tidawaphunzitsa ulemu, ndiye muwauziretu kuti pano kufunsa si mwano. Safunsa adadya phula.

Nyengo imasintha phunziro. Mu September ndi nthawi ya msasa. Mvula ikayamba mu November maluwa ndi tizilombo touluka zimachuluka, ndipo ndi nthawi yabwino yoonetsa ana mmene mungu umayendera. Loweruka loyamba la December ndi tsiku lobzala mitengo m'dziko lino, choncho ulendo wa sabata zapafupi ndi tsikulo umathandiza gulu kusankha mbande zoyenera dera lawo mmalo mongotenga iliyonse yogawidwa. M'nyengo yozizira mitengo yambiri imakhala mbulanda, koma ndi pamene mumaphunzira kuizindikira ndi khungwa ndi kaimidwe ka nthambi, monga amachitira otola nkhuni.

Amene ali ndi mayendedwe angapitirire mpaka ku Ewanrigg, makilomita pafupifupi 40 kumpoto chakum'mawa kwa mzinda kudzera msewu wa ku Shamva. Mundawo adauyambitsa ndi Harold Basil Christian, ndipo umatchuka ndi zomera za mtundu wa aloe zimene anzathu a Chishona amati gavakava, zomwe zimachita maluwa ofiira mu June ndi July n'kuitana timbalame toyamwa uchi, komanso ndi gulu lakalekale la zomera zooneka ngati kanjedza wamfupi, za mfunda wa Encephalartos. Zimenezi zimakula pang'onopang'ono, mbava zimazizula kutchire kukagulitsa kwa okongoletsa mayadi, motero malonda ake pakati pa mayiko ndi oletsedwa kwambiri. Mtundu umodzi mwa izo, Encephalartos gratus, kwawo ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi mbali yoyandikana nayo ya ku Mozambique. Ngati m'gulu mwanu muli agogo ochokera ku Mulanje kapena ku Phalombe, aonetseni chomera cha mfunda umenewu, muwafunse kuti kwawo ankachitchula chiyani, ndipo mwana mmodzi alembe yankholo m'kope asanakwere basi.